Dzanja Lotentha

Ntchito yanga yoyamba pa dziko lino inali yobweza anthu panjira. Agogo anga, amene kwathu ku Makhanga tinkawatchula kuti Ayavu, ankaumba mbiya, ndipo tsiku lowotcha ankandiimika pa kanjira kopita kudimba, kandodo kali m'manja. Wamkulu aliyense akamabwera ndinkati, "Mulambalale, kuli moto wa Ayavu." Ankalambalala osafunsa. Aliyense ankadziwa kuti munthu amene wagona ndi mnzake amakhala wotentha, ndipo akayandikira mbiya zili pamoto zimasweka. Ine ndinali mwana, wozizira, choncho ndinkaloledwa kunyamula mbiya zaziwisi ndi kuzisanja pa makungwa.

Moto ukayaka tinkakhala chete, kumvetsera. Mbiya yosweka imalira kamodzi kokha, thi, m'kati mwa malawi, ndipo sungadziwe kuti ndi iti mpaka phulusa litazizira. Zikazizira, Ayavu ankanyamula imodziimodzi, kuiika pafupi ndi khutu, n'kuigogoda ndi chala. Yabwino imayankha motalika. Ya mng'alu imayankha mwachidule ngati munthu wokwiya. Chizolowezi chimenecho chinandilowa ndisanadziwe kuwerenga. Kapu, mbale, botolo, chilichonse chikandikayikitsa ndinkachigogoda.

Amayi anga anamwalira ndili wamng'ono. Anatupa miyendo, anatsokomola nyengo yonse ya dzinja. Anthu anati ndi mdulo: bambo ankayenda ndi mkazi wina ku Bangula pamene amayi ankadwala, n'kumabwera kudzawagwira ndi manja otentha, ndiye anawadula. Za malirowo ndimakumbukira chinthu chimodzi. Bambo anakhala okha pansi pa mtengo wa nimu tsiku lonse, ndipo palibe amene anawapatsa madzi. Mawa lake anaoloka Shire. Patapita zaka ziwiri tinamva kuti nawonso anapita. Ayavu ananditenga, ndipo mawu oti mdulo sindinawamvepo pakamwa pawo.

Ndinakula ndikuyang'ana. Sindinkalankhula kwambiri. Ndowa zapulasitiki zitadzaza msika, mitsuko ya Ayavu inayamba kubwerera kunyumba pamutu panga. Kenako madzi anabwera chaka china n'kukwirira ndi mchenga munda wathu pamodzi ndi pamene tinkatapa dothi. Atsikana anzanga anali atayamba kale kupita ku Joni. Ayavu anandiperekeza mpaka padooko.

"Kumeneko usamalankhule kwambiri," anatero.

"Ine ndimalankhula liti, Ayavu?"

"Ndiye ukayambeko pang'ono. Angakuyese mtsuko."

Ku Joni ndinkakhala m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu, ndi amayi ena atatu a kwathu. Tinkaphika mosinthana, kusamba mosinthana, ngakhale kulira tinkalira mosinthana. M'minibasi tinkatseka pakamwa, chifukwa lilime likakuulula kuti ndiwe wakunja, anthu amakutembenukira m'njira imene sungaiwale. Kwa ine kukhala chete sikunali kovuta. Kampani yokolopa inanditumiza ku yunivesite ina, ku chinyumba cha asayansi, ndipo popeza anzanga ankaopa chipinda chapansi chifukwa cha phokoso la makina, anachipereka kwa ine.

M'chipindamo munkagwira ntchito anthu awiri. Wamkulu anali mzungu wa imvi amene tonse tinkangoti Dokotala. Wina anali mtsikana wa komweko, Thandeka, wophunzira amene anali atatha kale zaka zitatu pa makina amodzi omwewo. Tsiku lina anandiona ndikusuntha botolo lagalasi kuti ndipukute pansi pake.

"Sisi, munaphunzira kuti kunyamula chinthu chotero?"

"Kwa agogo. Amaumba mbiya."

"Bwerani kuno. Dokotala amathyola zinthu, ine ndimanjenjemera. Tikufuna manja."

Kuyambira pamenepo, ndikamaliza kukolopa ndinkatsuka zitsulo za m'kati mwa makinawo. Lamulo linali limodzi, ndipo Dokotala analibwereza katatu akundiloza: chitsulo cholowa m'kati sichikhudzidwa ndi khungu. Magulovu nthawi zonse. Kutsuka ndi sopo wake, kenako ndi sipiriti, kenako kukulunga m'pepala lonyezimira. Sindinadabwe. Ndinakulira pakhomo pamene zinthu zina sizinkagwiridwa ndi aliyense.

Makinawo iwo ankawatcha msampha. Thandeka anandifotokozera pang'onopang'ono, masiku ambiri, tikudya buledi pa masitepe. Ankatenga kachidutswa kakuda konga mtima wa pensulo, kamene ndi kachibale wa makala ndi mwaye. Iwo amati kaboni. Ankakawomba mpaka kutulutsa tizidutswa tosaoneka ndi maso, maatomu anayi, asanu, mwina khumi, ogwirana ngati mikanda pa ulusi. Timikandato ankatitchaja ndi magetsi, chifukwa chinthu chotchajidwa ukhoza kuchikankha ndi kuchibweza osachigwira. Kenako ankatilowetsa m'chitsulo chachitali ngati mwadiya waung'ono, bwato lija la kwathu, chotsekedwa konsekonse, mapampu akuyamwa mpweya osapuma kuti m'katimo musatsale kanthu koti tigundane nako. Kumapeto onse awiri kunali mbale zachitsulo zoboola pakati. Mbalezo zikapatsidwa magetsi, timikanda tinkathamanga kupita uku, kubwerera uko, osapeza potulukira. Ndinaganiza za mono wa asodzi a ku dambo la Dabanyi kwathu, mmene nsomba zimazungulira m'kati.

"Ndiye mumafuna chiyani kwa timeneti?" ndinafunsa.

"Tione kamene kakhalitse ndi kamene kasweke. Timabadwa totentha, Sisi. Kamene katenthetsa kamaduka pakati, kapena kamataya magetsi ake. Kakatero mbale sizikagwiranso, kamapitirira n'kukagunda chowerengera kumapeto. Koma tina timadziwa kutulutsa kutentha kwake, timawala pang'ono ndi kuwala kosaoneka, mpaka tizizire. Tikazizira sitiswekanso tokha."

Mawu awiriwo, kutentha ndi kuzizira, anandibwezera pa moto wa Ayavu. Ndinangomeza buledi.

Thandeka anali atalumikiza kasipika ku chowerengeracho, kuti kamkanda kalikonse kosweka kazimveka. Gulu latsopano likalowa mumsampha, sipika inkathetheka ngati chitowe pa phale lamoto. Kenako phokoso linkachepa: thi, thi… thi. Kenako chete. Tsiku loyamba kulimva ndinasiya chokolopera pansi. Linali liwu lomwe lija la m'moto wa Ayavu.

"Kukakhala chete chonchi, ndiye kuti tapulumuka?" ndinamufunsa.

"Mwina. Chete amabwera pawiri. Mwina tonse totsala tazizira, tikungoyendayenda bwinobwino. Mwina tonse tatha, msampha uli mbee. Khutu silingasiyanitse."

"Nanga mumadziwa bwanji?"

"Timazimitsa magetsi a mbale za mbali imodzi, totsalato tituluke, tiwerengedwe."

"Tikatuluka timapita kuti?"

"Timagunda chitsulo n'kuthera pomwepo. Kenako timalowetsa tina."

Mwamuna wina, Zuze, ankabweretsa mathanki a gasi ndi a nayitrojeni, madzi ozizira koopsa aja amene amafuka nthunzi yoyera. Tsiku lina dontho linandigwera padzanja, ndinatukwana motsitsa m'Chisena. Iye anaima ndi ngolo yake.

"Pakamwa pamenepo ndi pa m'mbali mwa Shire," anatero.

"Makhanga."

"Ine wa kutsidya, ku Mutarara. Tinkamwa madzi amodzi, inu kumtunda, ife kumunsi. Ndiye kuti zimene munkatsuka tinkamwa ndife."

Sindinaseke tsiku limenelo, koma ndinaseka ndili m'minibasi, anthu n'kundiyang'ana. Anayamba kunditchula kuti Nyamakhanga, mkazi wa ku Makhanga. Ankandibweretsera nsomba zouma zimene ankagula kwa madalaivala a kwawo, n'kumanena kuti ndimayenda ngati ndasenza mtsuko wa eni ake. Anali munthu woyamba kundifunsa zimene ndikuganiza n'kudikira yankho. Itafika nyengo yozizira ndinayamba kugona kwa iye Loweruka ndi Lamulungu. Anzanga a m'chipinda ankandiseka kuti mtsuko wapeza chivundikiro. Kumudzi sindinauze aliyense.

Mwezi womwewo ndinagulira Ayavu bulangeti lalikulu la maluwa ofiira. Ndinaligula Loweruka, choncho linagona kwa Zuze, ndipo kutazizira m'mamawa tinalifunda. Lolemba ndinalipinda bwino, kuliika m'chikwama pamodzi ndi shuga ndi mafuta odzola, n'kupereka kwa dalaivala wa basi yopita kwathu. Sindinaganize kanthu. Ayavu sankadwala nthawi imeneyo, kapena ine sindinkadziwa.

Patapita miyezi, chaka chikupita kumapeto, anatsegula msampha kuti asinthe mbale za mbali imodzi. Ndinatsuka zonse. Yomaliza inanditerereka n'kugunda m'mphepete mwa tebulo, osati kwambiri. Dzanja langa linachita zimene linaphunzira: ndinavula gulovu ndi mano, ndinaika mbale pafupi ndi khutu, ndinaigogoda. Inayankha motalika. Ndinkafuna kuitsukanso, koma Dokotala anaitana kuti akudikira, ndipo ndinavala gulovu n'kumupatsa. Pofika madzulo ndinali nditaiwala.

Msampha ukatsekedwa amauwotcha. Amaukulunga ndi malamba otentha ndi pepala lonyezimira, n'kuusiya masiku angapo kuti chinyezi chonse chituluke m'chitsulo. Chipinda chonse chinkanunkha fumbi lopsa. Ndinkakolopa mozungulira, ndipo mumtima ndinkamva mwana uja wa kandodo akundiuza kuti ndilambalale. Ndinamuyankha kuti kuno ndi ku Joni.

Utazizira analowetsa timikanda. Sipika inathetheka monga mwa nthawi zonse, koma phokoso silinachepe pang'onopang'ono monga kale. Thi, thi, thi, thi, mosalekeza, ngati denga lodontha, kenako n'kudukiza. Thandeka anazimitsa mbale kuti awerenge totsala. Panalibe ndi kamodzi komwe. Anayesanso. Anayesa tsiku lonse, sabata yonse. Ngakhale timikanda timene kale tinkazizira msanga tinkatha tonse. Anayang'ana mapampu, anapopera gasi m'malumikiziro kufuna pobooka, sanapeze. Thandeka anasiya kudya pa masitepe. Dokotala ankayenda uku ndi uku akulankhula yekha chilankhulo cha kwawo.

Lamulungu la sabata imeneyo foni inalira ndili kwa Zuze. Anali amayi aang'ono Esitere, mng'ono wa amayi anga, amene ankakhala moyandikana ndi Ayavu.

"Agogo ako sali bwino."

"Chavuta n'chiyani?"

"Miyendo. Yatupa mpaka m'mawondo. Ndi chifuwa."

Ndinakhala pansi pa simenti.

"Mwapita nawo kuchipatala?"

"Tapita. Akuti ndi mtima, awapatsa mapilitsi. Koma iwe ndi ine tinaionapo miyendo yotere." Anatsitsa mawu. "Kuno tafunsana tonse. Ine bambo ako aang'ono ali ku Nchalo mwezi wachitatu uno. Palibe wathira mchere molakwa. Watsala iwe."

"Ine ndili kutali, amayi."

"Bulangeti lija silili kutali. Chilandirireni sanalichotse pathupi. Unalipinda ndi manja otani?"

Ndinayang'ana Zuze.

"Kodi kumeneko ukudzisunga?"

"Foni ikuduka, amayi," ndinatero, ndipo ndinaidula ndekha.

Zuze anali atamva zonse. Anandikhalira pafupi, ine ndinasuntha.

"Nyamakhanga, agogo ako ndi nkhalamba. Miyendo ya nkhalamba imatupa. Agogo anga anatupa, ndipo palibe anawatumizira ngakhale mpango."

"Nawonso makina ndi nkhalamba?"

"Makina ati?"

"Chiyambireni kubwera kuno, chilichonse chimene ndagwira chikusweka."

"Ine wandigwira. Ndasweka pati? Yang'ana bwino, mwina kumbuyoku."

Ankafuna ndiseke. Ndinatenga nsapato zanga n'kubwerera ku chipinda cha malata.

Lolemba ndinamupeza Thandeka atagoneka mutu pa tebulo, sipika ikudontha pambali pake. Ndinayedzamiritsa chokolopera kukhoma. Chingerezi changa chinali chokwanira kukolopera, osati kunenera zimenezi.

"Sisi Thandeka, ndine ndawononga msampha."

Anadzutsa mutu. "Mwachita chiyani?"

"Ndili ndi mwamuna. Ndinayamba kugona kwa iye musanatsegule makinawa. Ndine wotentha. Sindinayenera kugwira mbale zija, ngakhale kuyandikira pamene mumawotcha."

Anandiyang'ana, kenako anaseka, kuseka kwa munthu wotopa kumene kumatuluka ndi misozi. Ataona nkhope yanga analeka.

"Pepani, Sisi. Kwathunso zilipo zotere, agogo anga salola munthu wina kulowa m'khola. Koma chitsulo ichi sichidziwa kumene mwagona. Kutentha kumene ndimanena ine ndi kwina."

"Mumati totentha timasweka."

"Timikanda, Sisi. Osati anthu." Anapukuta m'maso. "Ndi uja wa mathanki eti? Ndinkaona kuti gasi akubwera kawiri pa sabata pamene taitanitsa kamodzi."

Patapita masiku awiri Dokotala anagonja, anati atsegule. Anatulutsa mbale imodziimodzi n'kumaziunika ndi tochi. Pa yachinayi anaima. M'mphepete mwake munali chidindo cha chala chachikulu, chofiirira, chopsereratu m'chitsulo, mizere yake yonse ikuoneka ngati ya pa chiphaso. Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira gulovu ili m'mano mwanga.

"Ndani?" anafunsa Dokotala, motsitsa kwambiri.

Ndinakweza dzanja lomwelo.

Sanakalipe. Anaika mbale pansi n'kutuluka. Thandeka anandigwira paphewa n'kundifotokozera kuti khungu la munthu lili ndi mafuta, kuti mafutawo m'malo opanda mpweya amafuka pang'onopang'ono osatha, ndipo timikanda tinkagundana ndi utsi wakewo n'kusweka, totentha ndi tozizira tomwe.

"Mwaona? Si mwamuna wanu. Ndi mafuta chabe."

"Koma ndi dzanja langa."

"Inde," anatero. "Dzanja ndi lanu."

Iye ankaganiza kuti wandimasula. Ine ndinamva zina. Ndinali nditadziwa kuti ndine, iye anaseka, ndipo atatsegula anapeza ine. Ngati zinali choncho ndi chitsulo cha azungu, kuli bwanji ndi thupi la Ayavu, limene linkagona m'bulangeti langa? Mbale ija akanatha kuitsuka, koma thupi la munthu ayi. Sindinadikire kuti ndimve ngati andichotsa ntchito. Ndinapachika yunifolomu pa msomali wake n'kupita kukafunsa za basi.

Zuze anandinyamulira chikwama mpaka pa siteshoni.

"Ukakafika ukawauza chiyani?"

"Zoona."

"Zoona zake ziti? Kuti unafunda bulangeti?" Anapukusa mutu. "Nkhabe, ayi, Nyamakhanga. Anthu amenewo akakudya. Ukudziwa zimene anachita ndi bambo ako, unandiuza wekha."

"Wodula akaulula n'kuthira mchere m'mankhwala ndi dzanja lake, wodwala amachira. Bambo anakana kuulula."

"Nanga akapanda kuchira?"

Basi inaliza hutala. Anafuna kundigwira dzanja, ine ndinali nditalibisa m'chitenje.

Ndinafika ku Bangula mvula itayamba kale. Pa Mtayamoyo msewu unathera m'madzi, ndipo tinakwera mwadiya, anthu asanu ndi atatu ndi njinga ziwiri. Madzi anali ofiira, odzaza ndi namasupuni ndi mapesi a minda ya anthu. Kutsogolo mitambo inali itakhala pa phiri la Morumbala ngati mwaye.

Pakhomo palibe amene anandipatsa dzanja. Amayi aang'ono Esitere, amene kale ankandiluka tsitsi, analandira chikwama ndi nsonga za zala n'kuchiika panja pa khonde. Mayi wina anakokera mwana wake kumbuyo. Nimu uja anali pomwepo, atakula kuposa nyumba.

"Usalowe kaye," anatero amayi aang'ono. "Uwaonere pakhomo. Mawa m'mawa tikonza."

Ndinasuzumira. Ayavu anali pa mphasa, atatsamira khoma chifukwa akagona chagada mpweya unkawathawa. Bulangeti la maluwa ofiira linali mpaka m'khosi. Nkhope inali itatha, koma mapazi otuluka kumunsi anali onenepa, onyezimira ngati mbiya yokulungizidwa.

"Ndani waima pa kuwala?" anafunsa.

"Ndine, Ayavu."

"Wanenepa. Ukulankhula tsopano?"

"Pang'ono."

M'mawa kunabwera amayi anayi achikulire a m'banja mwathu, anakhala m'nyumba motsamira makoma. Ena anadzaza pakhonde ngati akungodutsa. Amayi aang'ono anaika pakati mbale ya phala la mizu, lakuda, ndi phale la mbiya lokhala ndi mchere. Anandiuza kuti ndigwade.

"Unene dzina la mwamunayo ndi zimene unachita, onse amve. Ukatero utsine mchere, uthire, uwamwetse wekha. Palibe akumenye. Tikufuna moyo wa mayi athu."

Ndinagwada. Ndinali nditakonza mawu ulendo wonse, kuchokera ku Joni mpaka pa Mtayamoyo. Ndinatsina mchere kaye, ndipo ndinatsegula pakamwa.

"Bweretsa dzanjalo," anatero Ayavu.

"Mayi, asanakugwireni ayambe wanena," anatero amayi aang'ono.

"Esitere, ndikulankhula ndi mwana wanga. Bweretsa."

Ndinatambasula. Anandigwira pamfundo ya dzanja ndi mphamvu imene sindinkayembekeza, zala zomwe zija zokanda dothi. Analitembenuza, n'kufunyulula zala zanga chimodzichimodzi mpaka mchere wonse unagwera pa dothi. Kenako anatulutsa phazi lotupa lija m'bulangeti, pang'onopang'ono, n'kukankha mbale. Phala linayenderera pansi kulowera kukhomo.

Mayi wina anagwira pakamwa.

"Mayi, mufa," anatero amayi aang'ono.

"Nanga ndinakuuza kuti ndidzatsala?" Anatsokomola nthawi yaitali, osandisiya dzanja. "Mnyamata uja, bambo ake a mwanayu, anakhala pansi pa nimu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ndinali ndi mtsuko wodzaza m'nyumba muno. Sindinatuluke nawo. Ameneyu sakakhala pamenepo. Sananene kanthu, ine sindinamwe kanthu. Amene wamva kanthu anene."

Palibe ananena. Amayi achikulire aja anadzuka mmodzimmodzi, akukonza zitenje. Amayi aang'ono anatola mbale yopanda kanthu n'kutuluka akulira.

Titatsala awiri ndinanong'ona. "Ayavu, ndi zoona. Kuli mwamuna."

"Ndakufunsa?"

"Bulangetili tinali…"

"Likufunda bwino. Amamenya?"

"Ayi."

"Ndiye watani kumusiya?"

Ndinawapempha kuti andilole ndikapemphe mizu ina, ndithire mchere tili awiri, popanda womva. Anakana. Anati mankhwala amenewo sagwira popanda makutu a anthu, ndipo makutu a anthu ndi amene sakuwafuna. Ndinawafunsa chimene chinkandivuta kuyambira ku Joni.

"Masiku aja ndinkaima panjira, mbiya zinkaswekabe?"

"Zinkasweka."

"Popanda wodutsa?"

"Ndinkati wina wadutsa iwe ukuyang'ana kumbali."

"Ine sindinkayang'ana kumbali."

"Ndikudziwa," anatero, n'kutseka maso.

Ndinawasamalira ndi manja anga, opanda chotchinga. Ndinkawasambitsa, kuwadzoza mafuta m'mapazi, kuwamwetsa mapilitsi a kuchipatala pa nthawi yake. Ndikaika khutu pachifuwa pawo ndinkamva kuthetheka, ngati chitowe chakutali. Anamwalira sabata yachiwiri isanathe, masana, mvula ikugwa.

Pamaliro ndinakhala m'nyumba pakati pa amayi. Dzuwa litatentha, amayi aang'ono Esitere anadutsa ndi chikho cha madzi, kupatsa aliyense. Atafika pa ine anaima pang'ono. Anandipatsa. Nditamwa, chikhocho anakachitsuka asanapatse wotsatira.

Ku Joni sindinabwerere. Thandeka ananditumizira uthenga kuti mbale ija anaitsuka, msampha unachira, ndipo timikanda take tikukhalitsa kuposa kale. Zuze anaimba miyezi ingapo, kenako nambala yake inasiya kulowa. Ndimalima kudimba, ndipo ndinapeza pena potapa dothi. Ndimaumba mitsuko ingapo pa chaka, ya anthu amene amati madzi a m'pulasitiki sakoma. Powotcha sindiimika mwana panjira. Zina zimasweka.

Sindidziwa ngati phala lija likanawachiritsa. Masiku ena ndimakhulupirira za mtima ndi mapilitsi, monga ndinakhulupirira za mafuta a khungu. Masiku ena ndimaona chidindo chofiirira chija pansi pa tochi. Ayavu anakankha mbale, ndipo yankho linapita ndi phalalo.

Zaka zonsezi palibe munthu pa Makhanga amene wanenapo mawu aja oti mdulo pamaso panga. Amandipatsa moni, amagula mitsuko yanga, pa zinkhoswe amandiitana kudzaphika. Koma ikafika nthawi yothira mchere m'ndiwo, nthawi zonse pamapezeka wina amene ali pafupi ndi phale kuposa ine. Mudzi uli chete. Ndimamvetsera, monga ndinkachitira m'chipinda chapansi chija, ndipo khutu silingasiyanitse. Njira yodziwira ndikuidziwa: n'kutsegula mbali imodzi, kufunsa amayi aang'ono Esitere funso limodzi lokha: ngati amati ndine ndinawadula Ayavu. Amakhala pafupi, ndimawaona m'mawa uliwonse akusesa pansi pa nimu. Koma ndinaona zimene zimachitikira totsala tija akatitulutsa kuti atiwerenge.